Kapinga wapakhomo kuno ku Mulanje ndi Thyolo: wobzala ndi uti, nanga asamalidwe bwanji?

Ambiri tikamaliza nyumba ndalama zimakhala zathera ku simenti ndi malata, pabwalo nkutsala pofiira psuu, mvula ikagwa matope mpaka pakhonde, Okutobala akafika fumbi mpaka m'mbale. Ndiye timapita kwa aneba kukapempha kapinga thumba limodzi, kubzala paliponse, basi nkumadikira. Pakatha chaka mupeza padzuwa pagwira bwino, pansi pa mtengo wa mapeyala pali dothi lokhalokha ndi ndere, kotsetsereka kuja madzi akumba kangalande. Vuto si dzanja lanu ayi. Kapinga alipo wamitundumitundu ndipo aliyense ali ndi malo ake, nde bwalo lanu ndi lomwe likuyenera kukuuzani woti mubzale, osati kukongola kwa pabwalo pa mnzanu.

Malangizo ambiri apa intaneti analembedwera anthu a ku Johannesburg kaya ku America komwe nkhawa yawo ndi chilala ndi chisanu choundana. Ife zathu ndi zina. Kummwera kwa phiri la Mulanje, komwe kuli minda ya tiyi cha ku Lujeri, Mimosa mpaka ku Muloza, mvula imapitirira mamilimita 1,500 pachaka, zaka zina kudutsa 2,000, pomwe ku Lilongwe nthawi zambiri siifika ndi 1,000 yomwe. Ku Thyolo ndi yocheperako koma chiperoni chimatipatsa chinyezi mu Juni ndi Julayi anzathu akumadera ena atauma kale. Mvula yochuluka chonchi imatsuka chakudya chamnthaka nkusiya dothi la asidi, nchifukwa chake tiyi amakondwa kuno, iye amafuna pH (muyeso wa asidi mnthaka, nambala ikachepa ndiye kuti asidi wachuluka) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe kapinga wambiri amasangalala pa 6 kapena kuyandikira pamenepo. Onjezerani mitengo, poti pakhomo pa munthu wakuno sipalephera mango, mapeyala, nthochi, pena bulugama kumpanda, ndi malo otsetsereka. Mukamasankha muziganizira zimenezi.

Kapinga wamba, uja wa timasamba ting'onoting'ono

Uyu ndi amene tonse timamudziwa, amamera yekha m'mbali mwa msewu ndi m'mabwalo a mpira, akatswiri amamutchula Cynodon dactylon, ena amati Bermuda. Ubwino wake woyamba ndi woti simugula, mumangokazula. Amayanga pamwamba komanso ali ndi mizu yoyenda pansi pa dothi, nde olo ana atamuponda tsiku ndi tsiku mpaka kuoneka ngati watha, mvula yoyamba ikangogwa amatulukanso. Chilimwe amachipirira kuposa ena onse, amangofiira nkugona, osafa. Kumalo otentherako ngati ku Luchenza, Chonde, Nkando ndi chigwa cha Thuchila, ine sindionapo chifukwa chofunira wina ngati bwalo lanu lili padzuwa.

Koma mthunzi ndiye ayi, safuna nkomwe. Amafunika dzuwa la maola 6 kapena kuposa patsiku, mukamuika pansi pa mango amayamba kutalika moonda, kenako kuthothoka, ndipo feteleza sangathandizepo kanthu. Chinanso ndi choti akalowa m'dimba la mpiru kapena m'bedi la maluwa mukhala mukulimbana naye zaka, chifukwa kachidutswa kalikonse kotsala pansi kamaphukanso. Alimi amamudziwa bwino khalidwe limeneli.

Kikuyu

Anachokera kumapiri a ku East Africa ndipo dzinalo ndi la mtundu wa anthu a ku Kenya. Ndi wobiriwira mowala, mapesi ake ndi onenepa, ndipo pa liwiro palibe womuposa, mukabzala mu Disembala pofika Malichi bwalo latsekeka. Amakonda malo okwera ozizirirako komanso dothi lachonde, choncho cha ku Bvumbwe, Thyolo Boma, Makwasa ndi kumtunda konseko amachita bwino, ndipo mu Juni ndi Julayi pamene kapinga wamba wayamba kufiira, iyeyu amakhala akadali wobiriwira. Dothi la asidi amalipiriranso ndithu.

Nde anthu amamukonda chifukwa cha zimenezi, koma ndikuuzeni, Kikuyu ndi ntchito. Nthawi yadzinja amafuna kutchetcha sabata iliyonse, mukadumphitsa masabata atatu ndi tchire. Akakhalitsa amapanga chimphasa cha mapesi pansi pa masamba, mukapondapo mumamva kunyentchera, mukalowetsa zala nkutukula mupeza mapesi oyera olukanalukana kuya kwake ngati chikhatho, masamba obiriwira ali pamwamba pokha. Tsiku lomwe mwatchetcha motsitsa pang'ono bwalo lonse limasanduka loyera ngati lapsa. Amakwera mpanda wa maluwa, amalowa m'ngalande, amatulukira m'ming'alu ya simenti. Ndiponso ndi wadyera, pa dothi loguga amachita chikasu msanga.

Amene ndingamuuze kuti abzale Kikuyu mosakayika ndi munthu amene ali ndi ng'ombe yamkaka, ndipo ku Bvumbwe ndi ku Goliati alipo ambiri. Udzu umenewu ndi chakudya chabwino cha ng'ombe, nde zotchetcha zanu sizitayika, zikupita kukhola, manyowa akubwerera pabwalo. Bola osathira mankhwala pa udzu womwe mukudyetsa ziweto. Koma ngati mumagwira ntchito ku Blantyre nkumabwera kumapeto kwa mwezi, musamuyambe, akusowetsani mtendere.

Pamthunzi: Buffalo ndi LM

Apa ndi pomwe pamalakwika kwambiri. Buffalo ndi uja wamasamba otambalala, okhuthala, osasongoka kunsonga, kwina amamutchula St Augustine. Amayanga pamwamba pokha, alibe mizu yoyenda pansi, nde kumuletsa kulowa m'maluwa nkosavuta, mumangodula m'mphepete ndi khasu. Amapirira mthunzi wapakatikati, monga kumbali kwa nyumba komwe dzuwa limafika m'mawa wokha kapena pansi pa mtengo wosathithikana. Amakula pang'onopang'ono, zomwe zili zabwino pa nkhani yotchetcha koma zimafuna kudekha pobzala, akhoza kutenga dzinja lonse asanatseke. Akaphwanyidwa ndi matayala a galimoto sabwerera msanga. Ndipo musamuthire mankhwala opha zomera zamasamba otambalala mwachisawawa, ena monga 2,4-D amamuwotcha naye.

LM dzina lake likuchokera ku Lourenço Marques, lomwe linali dzina lakale la Maputo. Pa mthunzi amaposa Buffalo, ndi wofewa, wobiriwira motuwirako, pansi pa mitengo amayala bwino zedi. Kufooka kwake ndi mapazi. Si wa pabwalo lomenyerapo mpira kapena njira yopita kubafa, akapondedwa kwambiri amatha, komanso mizu yake siyozama nde mu Okutobala amafuna kamadzi.

Pa awiriwa, ngati pali ana ndingatenge Buffalo, ngati ndi pongokhala ndi mpando madzulo ndingatenge LM. Koma tinene zoona, pansi penipeni pa mango wamkulu wothithikana palibe kapinga amene angakhalepo, kaya mugule wodula bwanji. Kuwala kulibe, mizu ya mtengo ikumwa madzi onse, masamba akugwa tsiku lililonse. Pamenepo mungosadzako nthambi zam'munsi kuti kuwala kulowe, apo ayi pasiyeni pakhale posesa, muikepo benchi, alendo azikhala pamenepo. Pansi pa bulugama ndiye musataye nkomwe nthawi.

Paspalum ndi udzu womera wokha uja

Pali wina amene satchulidwa kawirikawiri koma kwa dothi lathu ndi woyenera, Paspalum, ena amati Bahia. Mungamuzindikire ndi ngayaye zake zogawikana pawiri ngati chilembo cha Y. Mizu yake imazama, amapirira dothi la asidi komanso losauka, safuna feteleza wambiri, ndipo akagwira amagwiriratu dothi. Kuipa kwake ndi koti amachedwa kutseka, ndi wolimba potchetcha ndipo timitengo ta ngayaye timatuluka msangamsanga nthawi yadzinja. Si wofewa pogona, koma pamalo aakulu ngati pa tchalitchi kapena pasukulu, pomwe palibe womuthirira ndi womudyetsa, ndi amene angapirire.

Ndiye palinso kaudzu kamasamba otambalala ofewa, kogona pansi, komwe kamamera kokha pamalo achinyezi, achingerezi amati carpet grass. Ambiri amakazula poyesa tchire. Ine ndimati ngati kamera kokha pamalo ponyowa pomwe kapinga wanu akukana, kasiyeni, muzingokatchetcha limodzi ndi winayo, bwalo likhala lobiriwira chimodzimodzi.

Potsetsereka

Amene tinaona zomwe inachita mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 kuno ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe sitifunikanso kuuzidwa mphamvu ya madzi. Kapinga sangaletse phiri kugumuka, koma pa madzi othamanga pabwalo ndi ochokera padenga amathandiza kwambiri, chifukwa dothi lovundikirika silikokoloka ngati lapambalambanda. Pamalo otsetsereka bzalani mizere yopingasa, osati yotsata komwe madzi akulowera, ndipo kumunsi kapena pakati ikani mzere wa vetiva. Vetiva sayanga, amakhala pomwe mwamuika, mizu yake imatsika mamita 2 kapena kuposa, ndipo alangizi azaulimi amadziwa komwe mungapeze mbewu yake. Pomwe pamagwera madzi a malata ikani miyala kapena kangalande kasimenti, pamenepo kapinga yekha sangalimbe.

Kabzalidwe sikasiyana kwambiri pa mitundu yonseyi. Mbewu yam'paketi ndi yodula ndipo mvula yakuno imaikokolola, kapinga wodulidwa ngati zigamba amatseka tsiku lomwelo koma amafuna ndalama ndi galimoto, nde njira yathu ndi ya ziyangoyango basi. Tipulani kuya ngati khasu lonse, chotsani dawe ndi nansongole ndi mizu yomwe, sakanizani manyowa owola, salazani ndi reki. Tengani chiyangoyango chokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, mfundo ziwiri zikwiririke chifukwa mizu imatulukira pamenepo, nsonga ikhale kunja, pondani ndi chidendene. Mizere italikirane masentimita 15 mpaka 30, mukathithikanitsa amatseka msanga. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, Disembala kapena Januwale. Mukabzala mu Meyi podalira chiperoni, chinyezi chilipo inde koma kuzizira kumamugoneka, amangokhala osayenda mpaka Seputembala.

Chikwakwa, makina okankha kapena kamakina kapetulo kapaphewa

Kapinga wambiri pamakomo athu safa ndi chilala kapena matenda, amafa ndi katchetchedwe. Mnyamata waganyu amafuna bwana aone kuti ntchito yagwirika, nde amatsitsa chikwakwa mpaka chizimenya dothi, mukayang'ana pambuyo pake muona timabala tofiira tokhala ngati mwezi wongotuluka kumene, mapesi ong'ambika ali mbuu, ndipo pakatha masabata awiri pamabala paja pamera chisoso ndi dawe. Si kulakwa kwake, palibe anamuuza. Muuzeni bwinobwino kuti asiye udzu wotalika ngati zala ziwiri kapena zitatu zogoneka, ndipo musamudule malipiro poti bwalo silikuoneka lometedwa mpala.

Lamulo lake ndi loti pa ulendo umodzi musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Kapinga wamba amalola kutsitsa, masentimita 2 mpaka 4. Kikuyu 4 kapena 5. Buffalo ndi LM asiyeni atalike, 5 mpaka 8, makamaka pamthunzi pomwe tsamba lililonse likufunika kuti ligwire kuwala kochepako.

Chikwakwa nchotchipa, sichifuna petulo, chimafika paliponse olo potsetsereka, koma chimadalira dzanja ndipo chiyenera kunoledwa, chobuntha chimang'amba m'malo modula. Makina okankha ndi amene amadula mofanana chifukwa msinkhu mumatchera pa matayala, kwa munthu wa bwalo lalikulu losalala ndi abwino kuposa zonse, kungoti mtengo wake, petulo, oilo ndi zipangizo zikawonongeka mpaka ku Limbe. Kamakina kapetulo konyamula paphewa kaja kafala masiku ano ndipo anyamata ambiri akuchita nako ganyu, nkachangu zedi, koma pa kupala dothi kamaposa chikwakwa ngati wogwira sakusamala, komanso kamaulutsa timiyala, nde ana ndi magalasi a mawindo zitalikire. Pa bwalo laling'ono ine ndimaona chikwakwa chakuthwa m'manja mwa munthu womvetsa chikukwanira.

Zotchetcha zikakhala zazifupi zisiyeni pomwepo ziwolerane, ndi chakudya chimenecho. Zikakhala milumilu zichotseni mupititse ku kompositi, zikakhalitsa zimaphimba udzu nkuwoletsa. Ndipo musalole udzu kutalika pafupi ndi nyumba nthawi yadzinja, udzudzu umabisalamo masana, njoka nazonso.

Manyowa kapena feteleza

Ndi mitengo ya feteleza masiku ano, palibe amene angatenge thumba loti likathire chimanga nkulimwaza pa udzu, ndipo sikofunika kutero. Manyowa owola bwino a ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku, osefa nkumwaza mopyapyala kuti masamba azionekabe, kamodzi pachaka mvula ikamayamba, amakwanira pa mabwalo ambiri. Amakonzanso dothi lathu lakatondo lomwe limagwirana likapondedwa. Vuto lake ndi njere zatchire, manyowa osawola amabweretsa bonongwe ndi khovani, ndipo a nkhuku aawisi amawotcha.

Ngati mukufuna kubiriwira kwachangu, pa bwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, kilo imodzi ya Urea ndi yokwana, osapitirira. Urea ali ndi nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa masamba, 46 pa 100 alionse, nde ndi wamphamvu, mukamwaza masana dzuwa likuswa mtengo popanda madzi, mawa lake muona zigamba zopsa. Mwazani dothi lili lonyowa koma masamba ouma, kenako thirirani kapena mvula yowaza itsatire. Pakati pa Urea ndi CAN, pa dothi lakuno ndingasankhe CAN, nayitrojeni wake ndi wochepa, pafupifupi 27, nde mufunika makilo awiri pa bwalo lomwelo, koma sawonjezera asidi mnthaka ngati mmene amachitira Urea mukamuthira chaka ndi chaka. Feteleza wokulitsa uja wa NPK ndi wothandiza pobzala, kuti mizu igwire. Ndipo ndi mvula yathuyi bola kuthira pang'ono kawiri, mu Disembala ndi mu Febuluwale, kusiyana ndi kukhuthula zonse kamodzi nkukokoloka kupita ku Ruo. Mu Juni musathire, udzu wagona, mungodyetsa tchire.

Mukaona kuti mwathira zonse koma kapinga akungokhala wachikasu ndipo ndere zikuchuluka, ganizirani za asidi kapena dothi logwirana. Kuyezetsa dothi nkotheka, ku Bvumbwe kuli malo a boma a kafukufuku wa zaulimi, ndipo alangizi angakuuzeni katengedwe ka dothi lokayezetsa. Mankhwala a asidi ndi laimu waulimi, osati womangira nyumba, ndipo amagwira ntchito pang'onopang'ono, miyezi ingapo. Phulusa lankhuni losefa limathandizanso mukamamwaza mopyapyala, kungoti laimu kapena phulusa musathire tsiku limodzi ndi Urea, mphamvu yake imauluka. Dothi logwirana libayeni ndi foloko yam'dimba litanyowa, mabowo otalikirana ngati chikhatho, kenako mwazani manyowa alowe m'mabowomo.

Kuthirira kapena kumusiya agone

Tiwerengere limodzi. Kuti kapinga akhale wobiriwira mu Seputembala ndi Okutobala amafuna madzi pafupifupi malita 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata. Pa bwalo lija la 10 ndi 10 ndi malita 2,500, kutanthauza ndowa za malita 20 zokwana 125, sabata iliyonse. Ngati ndi madzi a Water Board muiona pa bilu, ngati ndi apamjigo kapena mpopi wa m'mudzi womwe anthu akuima pamzere, ndiye sizoona nkomwe kuthirira udzu anzanu akusowa akumwa. Kuno tili ndi mwayi woti miyezi youma kwenikweni ndi yochepa, nde kapinga wamba, Paspalum ndi Kikuyu wokhazikika mukhoza kungowasiya afiire, sanafe, adzuka ndi mvula ya chizimalupsa. Chofunika nthawi imeneyo ndi kusamutchetcha motsitsa ndi kusayatsa moto wazinyalala pafupi.

Ngati muli ndi madzi okwanira, thirirani kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata m'mamawa, osati kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, kumeneko kumachititsa mizu kukhala pamwamba. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira akhoza kupita pa udzu, bola asakhale a Jik kapena a mafuta ambiri, ndipo muzisinthasintha pothira. Oyenera kuyamba kulandira ndi LM ndi Buffalo komanso kulikonse komwe mwabzala chaka chomwecho.

Tizilombo ndi tchire

Chiswe chimabwera udzu ukauma, muona timizere tadothi tokuta mapesi, mukatikanda ndi chala chiswe chili yakaliyakali mkati. Chimatsata zouma, choncho kuchotsa chimphasa cha mapesi ndi reki kumathandiza, ndipo ngati pali chulu pafupi nkhondo yake ndi ya pachulupo. Mbozi za ntchemberezandonda zimatha kumeta bwalo m'masiku ochepa mvula ikagwa pambuyo pa ng'amba, mukaona mbalame zadzadza pa udzu m'mawa pitani mukasuzumire, ndipo nkhuku zapakhomo zimatolako zambiri. Mfuko ndi wa msampha basi. Dawe musamudule pamwamba, kumbani mpaka mupeze timbatata take, apo ayi mawa watulukanso. Mankhwala ngati Roundup sasankha, amapha ndi kapinga yemwe, nde ntchito yake ndi yoyeretsa malo musanabzale kapena m'mphepete mwa njira, ndipo tsiku lamphepo musapopere.

Chomaliza ndi kukula kwa bwalo. Malo kuno ndi ochepa, tonse tikudziwa mmene minda ya tiyi inatipanikizira, ndipo pakhomo pamafunikanso poyanika chimanga ndi nandolo, pa nthochi, pa kadimba ka masamba. Yambani ndi kachigawo kakutsogolo ndi kotsetsereka komwe madzi amadutsa, njira yopita kukhitchini ndi kubafa muyalemo njerwa kapena miyala, ndipo pakati pa kapinga ndi dimba kumbani kangalande kakuya ngati khasu komwe muzikadula kamodzi pamwezi. Chaka chamawa mukafuna kuwonjezera, mbewu muzula pabwalo panu pomwepo.